Mafunso Anu pa Zamaulendo: Kukagona m'Chipululu cha Pamtunda ku Joshua Tree

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku America, ndipo angapo mwa iwo akufunsa za malo amodzi, paki ya Joshua Tree ya ku California, imene ili makilomita pafupifupi 220 kum'mawa kwa mzinda wa Los Angeles. Ndasankhapo makalata 6, ndipo ena ndawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndi bambo akunyumba tikufuna kutenga ana athu atatu pa tchuthi cha Khirisimasi kukagona m'tenti ku Joshua Tree. Ine ndimadziwa kuti chipululu ndi malo otentha, choncho ndimati tingonyamula zovala zopepuka, koma mnzawo wa bambo wa kuntchito akuti tinyamule mabulangete ochuluka. Kodi akunena zoona? (Mayi wa ana atatu, Indiana)

Mayi, mnzawo wa bamboyo akunena zoona, ndipo mukamuthokoze, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mawu akuti chipululu amatinyenga ambiri a ife, chifukwa tikangowamva timaganiza za mchenga wa ku Sahara kapena za kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala. Paki imene mukupitayi ndi pokumanirana zipululu ziwiri. Kum'mawa ndi kumwera kuli chipululu cha Colorado, chimene chili chakumunsi ndipo n'chofundirako, pomwe kumadzulo kuli chipululu cha Mojave, chimene chimayambira pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere n'kumakwera. Mbali yokwerayi ndi imene eni dziko amaitchula kuti chipululu cha pamtunda, ndipo ndi kumene kuli mitengo yotchuka ya Joshua pamodzi ndi misasa imene alendo ambiri amaikonda. Msasa wa Jumbo Rocks uli pa mamita pafupifupi 1,340, kutanthauza kuti ndi wokwera kuposa Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo Keys View, malo oonerapo chigwa cha Coachella, ali pa mamita 1,580, kukwera kofanana ndi kwa tauni ya Dedza. Ngati munagonapo ku Dedza mu Juni, muli kale ndi chithunzi cha zimene ndikunenazi, kungoti kumeneko chisanu chake chimaposa.

Pali zifukwa ziwiri zimene zimachititsa zimenezi. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizirirapo ndi madigiri pafupifupi 6. Kuwonjezera apo, mpweya wa m'chipululu ndi wouma ndipo kumwamba sikukhala mitambo, motero kutentha kumene miyala ndi nthaka zasunga masana kumathawira kumwamba dzuwa likangolowa, popanda chokutchinga. Mu Disembala, masana kumafunda mpaka madigiri 15 kapena cha pamenepo, koma usiku kumatsika kufika pa 0 ngakhale kupitirira pansi pake, ndipo zaka zina chipale chofewa chimagwa n'kukuta mitengo. Mphepo nayo siichita manyazi kumeneko.

Ulendo wanga woyamba ndinanyamula mabulangete awiri okhuthala n'kumadziona ngati ndakonzeka. Pofika pakati pausiku ndinazindikira kuti chisanu sichinali kuchokera pamwamba, chinali kulowa m'thupi kuchokera pansi, chifukwa ndinali nditangoyala chitenje pansalu ya tenti, ndipo m'mawa madzi amene tinasiya m'beseni panja tinawapeza ataundana pamwamba moti mwana akanatha kuwagogoda ndi supuni. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti choyala pansi n'chofunika mofanana ndi chofunda. Mwana aliyense akhale ndi kamatiresi kake ka siponji kapena kopopa, thumba logonamo limene linalembedwa kuti limapirira kuzizira kopitirira pansi pa madigiri 0, chipewa cha ubweya, ndi masokosi ouma ogona nawo osiyana ndi amene wayenda nawo masana.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowetse mbaula, makala oyaka kapena chitofu cha gasi m'tenti n'kutseka zipi. Tonse tinamvapo kwathu za mabanja amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yachisanu osadzukanso. Mpweya wakupha umene umatuluka m'makala sununkha ndipo suoneka, ndipo tenti yotseka imausunga chimodzimodzi ndi chipinda. Ana akadandaula kuti akuzizidwa, thirani madzi otentha m'botolo lolimba, likulungeni m'juzi ndi kuliika kumapazi kwawo.

Funso: Ndife azibambo asanu a mpingo umodzi ndipo tapangana kukakhala masiku anayi ku Jumbo Rocks mu Malichi. Kodi madzi tikawapeza komweko, kapena tinyamule ochuluka bwanji? (Mlembi wa gululo, Seattle)

Bambo, ku Jumbo Rocks kulibe mpopi ngakhale umodzi, ndipo n'chimodzimodzi ku Hidden Valley, Ryan, Belle ndi White Tank. Kuli zimbudzi zokumba, matebulo ndi malo osonkhapo moto basi. Misasa imene ili ndi madzi ndi Black Rock, chakumpoto chakumadzulo pafupi ndi tauni ya Yucca Valley, ndi Cottonwood, kumwera pafupi ndi msewu waukulu wa Interstate 10, ndipo ogona ku Indian Cove amakatunga ku ofesi ya alonda a paki imene ili panjira yolowera. Tiakasupe tochepa timene tili m'pakimo tinasiyidwira nyama zakutchire. Chaka chonse mvula ya kumeneko siifika mamilimita 250, imene kwathu ikhoza kugwa m'mwezi wa Januwale wokha.

Oyang'anira paki amalangiza kuti munthu aliyense akhale ndi malita osachepera 4 akumwa patsiku, ndipo ngati akuyenda mtunda wautali kapena kukwera miyala, achulukitse kawiri. Kwa anthu asanu masiku anayi, amenewo ndi malita 80, zigubu zinayi za malita 20, ndipo awa ndi akumwa okha. Ndikudziwa kuti azibambo asanu a kwathu sangathe masiku anayi osaphika nsima, ndiye muwerengerenso madzi ophikira ndi oviikira poto kuti nkhoko zichoke, madzi osamba m'manja musanadye ndiponso mutadya, ndi madzi ozimitsira moto, popeza moto wa pamsasa suyenera kungokwiriridwa ndi mchenga. Ine ndikanakhala inu ndikananyamula zigubu zisanu ndi ziwiri, n'kusiya chimodzi m'galimoto chosakhudzidwa kufikira tsiku lobwerera. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba, chifukwa pamalo okwera chonchi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, motero nyemba zimachedwa kupsa n'kumakutherani gasi ndi madzi omwe.

Chimene chimapusitsa anthu ndi chakuti mumpweya wouma thukuta limauma lisanaoneke, ndiye munthu amataya madzi ambiri malaya ake ali ouma, ngakhale tsiku limene sikukutentha. Musadikire ludzu. Mkodzo ukayamba kuda, mutu n'kumawawa, dziwani kuti mwachedwa kale kumwa. Mukapita kokayenda pansi, tsatirani lamulo la alonda a kumeneko lakuti madzi a m'chikwama akafika theka, tembenukani muzibwerera, ngakhale kumene mumafuna kukafika kukuoneka pafupi. Netiweki ya foni m'kati mwa pakimo ilibemo m'malo ambiri, choncho musanalowe muuze munthu wina wa kunja kumene mukagone ndi tsiku limene mudzatuluke.

Malo a ku Jumbo Rocks amayenera kusungitsidwa pa intaneti, pa tsamba la boma la Recreation.gov, ndipo amatsegulidwa miyezi 6 tsikulo lisanafike. Malichi ndi nthawi ya maluwa, pamene anthu amachuluka kwambiri m'paki imene mu 2021 inalandira alendo opitirira 3 miliyoni, ndiye ngati simunasungitsebe, chitani zimenezo lero lomwe.

Funso: Ine ndi mayi akunyumba ndife achikulire ndipo zogona pansi sitingazithenso. Tikuganiza zobwereka RV, galimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi. Kodi tikatero mavuto onsewa sathera pomwepo? Nanga laisensi yanga wamba ikwanira? (Gogo wopuma pantchito, Texas)

Agogo, za laisensi musade nazo nkhawa, chifukwa ku California laisensi wamba imalola munthu kuyendetsa galimoto yotereyi ngati siyopitirira mafiti 40 m'litali, ndipo zimene makampani amabwereketsa n'zazifupi kuposa pamenepo. Ganizo lanu ndi labwino, ndipo kwa anthu a msinkhu wanu ndikuligwirizana nalo. Koma ndingakhale ndikukunamizani nditanena kuti mavuto athera pomwepo, chifukwa RV ili ndi zofuna zake zimene munthu wa tenti saziganizira n'komwe.

M'paki yonse ya Joshua Tree mulibe msasa ngakhale umodzi umene mungalumikize galimoto yanu ku magetsi, ku paipi ya madzi kapena ku paipi ya zonyansa. Mudzadalira zimene mwanyamula. Galimoto zimenezi zimakhala ndi mathanki atatu: la madzi abwino, limene pa galimoto zobwereka zapakatikati limalowa malita cha m'ma 150, la madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi la zam'chimbudzi. Malita 150 amamveka ochuluka, koma anthu awiri akamasamba pa shawa monga amachitira kunyumba, tsiku lachiwiri thanki limakhala litauma. Mathanki awiri otsalawo akadzadza, amakhuthulidwa pamalo ake okonzedwa, ndipo m'pakimo malo amenewa ali ku Black Rock ndi ku Cottonwood kokha. Kukhuthulira pansi, ngakhale madzi otsukira mbale, n'koletsedwa. Pokatenga galimotoyo, muwapemphe obwereketsawo akuonetseni ndi manja awo mmene paipi yokhuthulira imalumikizidwira, kuyambira thanki la chimbudzi kenako la madzi otsukira kuti atsuke paipiyo, ndipo musachite manyazi kufunsa kawiri, pajatu safunsa anadya phula.

Nkhani ina ndi ya batire. Chotenthetsera m'galimoto chimayaka ndi gasi, koma fani yake imene imakankha mpweya wofunda imadya batire, ndipo usiku umodzi wozizira ukhoza kulimaliza kusanache. Jenereta ilipo, koma m'misasa ya m'paki imaloledwa kulira maola awiri m'mawa kuyambira 7 koloko, maola awiri masana kuyambira 12 koloko, ndi maola awiri madzulo kuyambira 5 koloko, ndipo kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa pamsasa pamayenera kukhala bata. Ngati mmodzi wa inu amagona ndi makina othandiza kupuma kapena ali ndi mankhwala osungidwa mufiriji, nkhani ya magetsiyi ndi yaikulu, ndipo ine ndingakulangizeni kuti mugone m'misasa ya anthu abizinesi ya m'matauni a m'mbali mwa msewu wa Highway 62, monga Twentynine Palms, Joshua Tree ndi Yucca Valley, kumene kuli polumikiza magetsi ndi madzi, n'kumalowa m'paki masana. Usiku wachisanu choopsa madzi amaundananso m'mapaipi a galimoto n'kuwang'amba, ndipo ndalama yokonzera imagwera wobwereka.

Posankha galimoto, sankhani yaifupi. Ku Hidden Valley ndi ku White Tank salola yopitirira mafiti 25, ndipo m'misasa inayo malo ambiri oimikapo ali pakati pa matanthwe opanikizana moti galimoto yaitali imavuta kubweza. Yaifupi imapiriranso bwino mphepo yam'mbali, imene m'chipululu imakankha galimoto zazitali ngati ikufuna kuzichotsa mumsewu. Denga lansalu lotambasula pambali lija muzilipinda nthawi iliyonse mukuchoka kapena mukukagona, chifukwa mphepo imalithyola m'kanthawi kochepa. Pa mafuta konzekerani bwino, lita imodzi imayenda makilomita atatu kapena anayi okha, ndipo m'kati mwa paki mulibe pothirira.

Funso: Ndamva kuti pali malo amene munthu amagona ulere kunja kwa paki. Ndine wophunzira ndipo ndalama ndilibe. Kodi n'zololedwa? (Mnyamata wa ku koleji, Arizona)

Achimwene, n'zololedwa. Malo ambiri a m'zipululu za kumadzulo kwa America ali m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa Bureau of Land Management, imene anthu amangoti BLM, ndipo pamalo ake ambiri munthu akhoza kumanga tenti kapena kuimika galimoto osalipira kwa masiku 14 mwa masiku 28 alionse. Pafupi ndi Joshua Tree malo otere alipo kumwera, musanalowe pa chipata cha Cottonwood, ndiponso kumpoto kwa tauni ya Joshua Tree. Kumeneko kulibe madzi, chimbudzi kapena bini, ndiye zinyalala zonse, ngakhale pepala la kuchimbudzi, mumabwerera nazo. Ku California mumafunikanso chilolezo choyatsira moto kapena chitofu pamalo otere, chimene chimaperekedwa ulere pa intaneti.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi posankha pogona. Khwawa louma la m'chipululu limakopa, chifukwa mchenga wake ndi wofewa, ndi pathyathyathya, ndipo mphepo siwomba kwambiri. Musagonemo. Nthaka ya kumeneko siimwa madzi msanga, motero mvula imene yagwa kumapiri akutali, inu osaiona n'komwe, imatsika m'khwawamo ngati chipupa cha matope, miyala ndi zitsa, ndipo nthawi yothawa siipezeka. Mu Ogasiti 2023, namondwe wa Hilary anakokolola misewu ya ku paki ya Death Valley, m'chipululu chomwechi cha Mojave, moti pakiyo inatsekedwa pafupifupi miyezi iwiri. Imikani galimoto pamene ena anaimikapo kale, osatsegula kanjira katsopano, chifukwa pamwamba pa nthakayo pamakhala kachikhungwa kamoyo ka tizomera tosaoneka ndi maso kamene kamagwira dothi kuti lisauluke, ndipo tayala likakaphwanya pamapita zaka zambiri kasanabwerere.

Funso: Ine chimene chikundiletsa ndi njoka. Kodi sizilowa m'tenti? (Mtsikana wina, Maryland)

Achemwali, njoka zilipodi, makamaka zija zokhala ndi kanjenjerere kumchira kamene zimawomba pochenjeza, koma nyengo yozizira zimabisala m'mauna, ndipo zimathawa munthu zikapeza mpata. Tsekani zipi ya tenti nthawi zonse, yendani ndi tochi usiku, musapise dzanja m'mphanga ya mwala imene simukuonamo, ndipo m'mawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa cha zinkhanira. Wina akalumidwa, musatemere pabala kapena kumanga mwendo ndi chingwe monga ambiri tinaphunzirira kumudzi, mungomuthamangitsira kuchipatala.

Zimene zimavutitsa alendo kawirikawiri ndi zina. Njuchi za m'chipululu zimasaka madzi, ndipo nyengo yotentha zimaunjirira pa botolo lotsegula, pa beseni, ngakhale pa madontho ochokera pansi pa galimoto. Zomera zaminga zotchedwa cholla zimathothoka kachidutswa mukangozikhudza n'kukakamira pakhungu, ndipo ukafuna kuchotsa ndi zala zimabaya zalazo, choncho anthu odziwa amayenda ndi chipeso cha tsitsi chimene amachilowetsa pakati pa khungu ndi mingayo n'kuikankhira kutali. Ndipo mukakumana ndi fulu wa m'chipululu, musamunyamule. Fulu ameneyu, amene boma la America linamuika m'gulu la nyama zotetezedwa mu 1990, amasunga madzi m'chikhodzodzo chake kwa miyezi yambiri, ndipo akaopsezedwa amawataya onse, zimene zikhoza kumupha mvula isanabwere. Amakondanso mthunzi wa pansi pa galimoto, ndiye musanalize injini muziwerama n'kusuzumira.

Funso: Ndimawerenga magazini yanu kuno kumudzi ndipo mwana wanga wa ku America ananditumizira zithunzi ali m'tenti m'chipululu. Anandiuza kuti nkhuni anachita kugula m'sitolo pomwe mitengo youma inali mbwee pamalopo. Zimenezi sindikuzimvetsa. N'chifukwa chiyani munthu wokhala ndi nyumba akalipire kugona patchire, kenako n'kumuletsa kutola nkhuni? (Bambo wina, Mchinji)

Bambo, funso lanu ndi lomveka, ndipo ine ndinalifunsanso nthawi yoyamba. Chimene mwana wanu anakatsata kumeneko ndi chimene inu muli nacho usiku uliwonse ku Mchinji. Anthu a m'mizinda ngati Los Angeles amakula osaona nyenyezi zochuluka chifukwa cha magetsi a mumzinda, ndipo samva bata chifukwa cha phokoso la magalimoto. Mu 2017 paki ya Joshua Tree inazindikiridwa kuti ndi amodzi mwa malo amene mdima wake wa usiku uyenera kutetezedwa, ndipo ndinaonapo munthu wamkulu ataimirira kukamwa kuli yasa, akuona kwa nthawi yoyamba mlalang'amba umene ife tinkauona tikusewera pabwalo.

Za nkhuni, yankho lili pa mtengo umene pakiyo inatengerapo dzina. Mtengo wa Joshua ndi wachibale wa khonje, masamba ake ndi osongoka chimodzimodzi, ndipo umakula masentimita ochepa okha pachaka, moti mtengo wofika padenga la nyumba ukhoza kukhala wakale kuposa agogo anu. Ambiri amakhala zaka pafupifupi 150, ndipo kuti ubale mbewu umadalira mtundu umodzi wa kagulugufe ka usiku kamene kamanyamula mungu wake. Pamalo pamene zomera zimakula mwapang'onopang'ono chonchi, nthambi youma imene yagwa pansi ndi nyumba ya abuluzi, chiswe ndi timbewa, ndipo ikawola ndiyo manyowa okhawo amene nthakayo imalandira. Alendo 3 miliyoni aliyense atatola kamtolo kake, m'chaka chimodzi pansi pangakhale poyera ngati pabwalo la sukulu. Vuto limeneli si lachilendo, chifukwa m'zaka za m'ma 1920 anthu a m'mizinda ankazula zomera za m'chipululumo kukabzala m'nyumba zawo, ndipo mayi wina wa ku Pasadena dzina lake Minerva Hoyt ndi amene analimbikira mpaka pulezidenti Franklin Roosevelt anateteza malowa mu 1936. Anadzakhala paki yokwanira mu 1994.

Moto nawo ndi mdani wamkulu wa mitengoyi, popeza siiphukiranso msanga ngati mitengo ya m'nkhalango zathu ikapsa ndi lupsa. Mu Ogasiti 2020, mphezi inayatsa moto ku Cima Dome, m'dera lotetezedwa la Mojave National Preserve kumpoto kwa pakiyi, ndipo moto umenewo unatentha mahekitala opitirira 17,000 n'kupha mitengo ya Joshua pafupifupi 1.3 miliyoni m'masiku owerengeka. Udzu wobwera kuchokera kumayiko ena, umene tsopano wadzadza mipata imene kale inali yopanda kanthu pakati pa mtengo ndi mtengo, ndi umene umayendetsa moto woterewu. N'chifukwa chake mwana wanu anagula nkhuni zake m'tauni, n'kuzikoleza m'kati mwa chitsulo chozungulira chimene chinaikidwa pamsasapo, ndipo nyengo ya chilimwe ikafika poipa alonda amaletseratu moto wa nkhuni, anthu n'kumaphikira pa gasi pokha.